Zala zisanu, mipata inayi

Mlimi akubzala mitengo mumzere. Mtengo woyamba uli pa mamita 2 kucokera kumalire a munda, ndipo uliwonse wotsatira ukutalikirana ndi unzake mamita 3. Mndandanda wake ndi 2, 5, 8, 11, mpaka m'tsogolo. Kodi mtengo wa nambala 20 udzakhala pa mamita angati? Mwana wothamanga adzaculukitsa 3 ndi 20, n'kuwonjezera 2, n'kuyankha 62. Yankho loona ndi 59. Mwanayo sanalephere kuculukitsa ayi: wawerenga mitengo m'malo mowerenga mipata.

Mabuku a Cipwitikizi amapereka lamulo lakuti aₙ = a₁ + (n − 1) × r. Lamuloli n'loona, koma siliyenera kufika pabolodi mwana asanafotokoze yekha, m'Cinyanja, kumene 1 wocotsedwayo wacokera. Muuzeni atambasule dzanja. Zala n'zisanu, koma mipata yake ndi inayi. Mitengo 20 ili ndi mipata 19, ndipo 19 kuculukitsa ndi 3 ndi 57. Tikawonjezera 2 wa poyamba uja tipeza 59. Amene waona zimenezi adzapeza mtengo wa nambala 100 popanda kulemba mndandanda wonse: mipata 99, mamita 299.

Ena amati Cinyanja cilibe mawu a masamu. Koma liwu la Cipwitikizi lakuti razão, limene cilembo r cikuimira, limatanthauzanso "cifukwa" pokambirana tsiku ndi tsiku, ndipo termo limatanthauzanso "liwu". Mwana woyamba kumene Cipwitikizi angasokere pomwepo. Liwu lakuti mpata silimusokeretsa, pakuti amalidziwa kucokera ku mapando a cimanga. Mpatseni mpata poyamba, razão ibwere pambuyo ngati dzina laciwiri la cinthu cimene wacidziwa kale.

Ena amadandaula kuti nthawi njocepa ndiponso mayeso a m'makalasi apamwamba amalembedwa m'Cipwitikizi. Nkhawayi njomveka. Komabe woloweza lamulo akaiwala cilembo cimodzi amagwira njakata, pamene womvetsa amalipanganso poyang'ana dzanja lake. Funso likatembenuzidwa, kuti mtengo umene uli pa mamita 44 ndi wacingati, woloweza amasowa poyambira. Womvetsa amacotsa 2, n'kugawa 42 ndi 3, n'kupeza mipata 14, ndiye kuti mtengowo ndi wa nambala 15.

Kuyambira 1993 mpaka 1997, pulojekiti ya PEBIMO inayesa kuphunzitsa ana m'Cinyanja ku Tete ndi m'Xichangana ku Gaza. Inu mukulowa m'munda umene ena analambula kale. Koma mphunzitsi wongomasulira lamulo m'Cinyanja kuti ana aliloweze sanasinthe kanthu. Wangosamutsa kuloweza kucoka m'cinenero cina kupita m'cinzake. M'mera mpoyamba. Musanalembe cilembo ciliconse pabolodi, funsani kuti: "Tadumpha mipata ingati?" Kenaka dekhani, ana atsutsane m'cinenero cawo kufikira mmodzi atanena cifukwa cake mipata ili 19.