Bafa la pansi pa nyumba lisamangidwe mobisa

Lendi ya ku London yachititsa kuti chipinda chilichonse chokhala ndi chitseko chisanduke pogona munthu. Ku Barking ndi madera oyandikana nawo, zipinda za pansi pa nthaka zimene kale ankasungiramo malasha ndi katundu lero zili ndi bedi, shawa ndi chimbudzi. Ena mwa ogona m'menemo ndi abale athu, ndipo ena mwa eni nyumbazo ndi ife tomwe. Tikupempha kuti chizolowezi choitana pulambala wodziwana naye Loweruka, n'kumanga bafa popanda kudziwitsa khonsolo, chithe pakati pathu.

Madzi sakwera phiri. Bafa la m'mwamba limataya madzi ake mosavuta chifukwa paipi ya suweji ya mumsewu ili pansi pake. Bafa la pansi pa nthaka nthawi zambiri limakhala mulingo umodzi ndi paipiyo, mwinanso kutsikirapo. Mvula ikachuluka, mapaipi a mumsewu akadzaza, zonyansa zimabwerera n'kutulukira pamalo otsikitsitsa m'nyumba, ndipo malowo ndi shawa ya munthu wogona pansi uja. Mu July 2021 mvula yamphamvu inagwa kawiri mu London, pa 12 ndi pa 25, ndipo madzi osakanikirana ndi suweji analowa m'nyumba zambiri za pansi. Pa 25 paja kum'mawa kuno kunavutika kwambiri, moti zipatala za Newham ndi Whipps Cross zinapempha odwala kuti ayambe apita kwina.

Malamulo a zomangamanga a ku England, Building Regulations 2010, anaganizira zimenezi. Buku lotchedwa Approved Document H limanena kuti ngati chiopsezo choti suweji ibwerere n'chachikulu, madzi oipa a pansi azikankhidwa ndi pampu. Ngati n'chochepa, paikidwe valavu yoletsa madzi kubwerera. Thanki ya pampuyo izikwanira zonyansa za maola 24, powerengera malita 150 pa munthu aliyense patsiku, kuti magetsi akazima nyumba isasefukire. Paipi ya mamilimita 100 yonyamula za m'chimbudzi pansi pa nthaka izitsika ndi sentimita imodzi, kapena kuposerapo, pa masentimita 80 alionse. Ikagona chabe, zolimba zimatsalira m'njira.

Ngakhale tizinthu tooneka tating'ono tili ndi chifukwa chake. Kapaipi kokhota kamene kali pansi pa sinki kamasunga madzi otsekereza mpweya woipa wa m'suweji: mamilimita 75 pa sinki yosambira m'manja, 50 pa shawa ndi chimbudzi. Paipi ya sinki ya mamilimita 32 ikatalika kupitirira mamita 1.7 popanda polowera mpweya, imatha kuyamwa madzi otsekerezawo, fungo n'kulowa m'chipinda chimene mwina chilibe ndi zenera lomwe. N'chifukwa chake Approved Document F imafunanso fani yotulutsa malita 15 a mpweya pa sekondi m'bafa. Chimbudzi chokhala ndi makina ogaya, monga cha Saniflo chimene mapulambala amakonda kuika pansi, n'chololedwa, koma Approved Document G imati okhalamo akhalenso ndi mwayi wa chimbudzi china chosadalira magetsi. Ngati wobwereka chipinda cha pansi saloledwa kukwera m'mwamba, makinawo akafa alowera kuti?

Tikudziwa zimene ena anena: khonsolo imalipiritsa, imachedwetsa, ndipo m'bale wa kutchalitchi ntchito amaidziwa. N'kutheka amaidziwadi. Koma pulambala wabwino saopa kuti woyendera wa building control aone mapaipi ake asanakwiriridwe. Amene akuti tingotseka msanga ndi simenti ndiye woyenera kumufunsa mafunso. Ndalama imene mwapulumutsa lero mudzailipira pogulitsa nyumba, loya wa wogula akadzafuna setifiketi yotsimikiza kuti ntchito inayenderedwa. Kuyambira mu October 2023, khonsolo ili ndi zaka 10, m'malo mwa miyezi 12 ya kale, zolamula mwini nyumba kugumula kapena kukonza ntchito yophwanya malamulowa. Ngati mukumanga pamtunda wosakwana mamita atatu kuchokera pa paipi ya suweji ya anthu onse, mufunikanso chilolezo cha Thames Water.

Pali ndi nkhani ya mtsinje. M'madera ambiri a kuno paipi ya madzi a mvula ndi ya suweji zimayenda padera. Pulambala wothamanga akalumikiza chimbudzi ku paipi ya mvula, zonyansa sizipita kokayeretsedwa ku Beckton, zimakathera mu Roding kapena mu Mayes Brook. London anaphunzira movutika: kolera ndi fungo loopsa la mu 1858 ndi zimene zinachititsa kuti Joseph Bazalgette amange ngalande zikuluzikulu zokathera ku Beckton, kutsidya kwa Barking Creek. Ife Amalawi sitifunika kuuzidwa zambiri. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 kwathu.

Kwa inu eni nyumba: dziwitsani building control ntchito isanayambe. Ngati bafa linamangidwa kale mobisa, pemphani khonsolo ya Barking and Dagenham iliyendere n'kukupatsani setifiketi ya regularisation, ngakhale zitafuna kufukula pang'ono.

Kwa inu obwereka: musanapereke dipoziti, funsani ngati pali pampu kapena valavu, amene amaikonza ikawonongeka, komanso ngati nyumbayo ili ndi laisensi ya khonsolo yochititsa lendi. Lamulo la Homes (Fitness for Human Habitation) Act 2018 limakupatsani mphamvu yotengera landilodi kukhoti ngati mapaipi ndi chimbudzi zapangitsa nyumba kukhala yosayenera munthu. Jambulani zithunzi, lembani madandaulo anu pa meseji kapena imelo, ndipo akapanda kuyankha pitani ku ofesi ya khonsolo yoona za nyumba zalendi. Landilodi akhale wa kumudzi kwanu kapena mkulu wa mpingo, funsani ndithu. Safunsa anadya phula.