Sanakubereni RAM, manambala ndiwo anatha

Teremu yatha mnyamata wina wa Fomu 3 anandipeza m'labu atakumbatira laputopu imene amalume ake anamutumizira kuchokera ku Joni. Asanakhale n'komwe pansi anati, "Aphunzitsi, andibera RAM." Kapepala komata kunsi kwa laputopuyo kamati 8GB, koma Windows imaonetsa kuti yogwiritsika ndi 3GB ndi kakang'ono basi. Masiku angapo m'mbuyomo anali ataisiya kwa wokonza makompyuta kumsika kuti aikemo Windows ina, ndiye mlandu unali utagamulidwa kale m'mutu mwake. Achimwene ake anali atakonza zokakumana ndi wokonzayo Loweruka, ndipo sindikukhulupirira kuti amapita kukacheza.

Tinamasula tizitsulo n'kusuzumira m'kati. RAM yonse inali momwemo. Chimene wokonza uja anachita ndi kuika Windows ya 32-bit pa makina okhoza kunyamula ya 64-bit. Analakwitsa, inde, koma sanabe kanthu.

Ndikulemba izi chifukwa ndikuona kuti ambiri timawerenga manambala a pa makompyuta ndi mafoni ngati tikuwerenga makilogalamu a pa thumba la chimanga. Maganizo anga ndi akuti wophunzira amene wamvetsa kusiyana kwa adiresi ndi malo enieni osungira zinthu wapindula kuposa amene waloweza matanthauzo khumi a Computer Studies. Winayo akhoza mayeso, koma akhoza kukamenyetsa munthu wosalakwa, kapena kugula foni chifukwa cha nambala yabodza.

Tiyambe ndi kuwerenga. Tinene kuti ku positi kuli lamulo loti nambala ya bokosi ikhale ya madijiti atatu okha. Mabokosi okhoza kulandira makalata ndi 1,000, kuyambira 000 mpaka 999. Ngakhale mmisiri atakhoma mabokosi ena 500 pakhomapo, adzangokhala opanda ntchito, pakuti palibe nambala yowaitanira. Mu kompyuta, byte iliyonse ya memory imafuna nambala yakeyake, ndipo madijiti ake ndi 0 ndi 1 basi. Mukakhala ndi madijiti 32 otere, manambala onse otheka ndi 2 kuchulukitsa yekha ka 32, amene ndi 4,294,967,296. Imeneyo ndiyo 4GB. Windows ya 32-bit ya pa makompyuta a kunyumba siwerenga RAM kupitirira malire amenewo, ndipo ena mwa maadiresiwo amaperekedwa kwa zipangizo monga gawo lojambula zithunzi pa sikirini. N'chifukwa chake mnzathu uja amaona 3GB ndi kakang'ono. RAM yotsalayo inali mabokosi opanda nambala.

Pano ndiye pali chinthu chimene ine chimandisangalatsa kwambiri. Pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito, kaya ndi Word kaya ndi gemu, siona maadiresi enieni a RAM. Kernel, amene ndi mtima wa Windows, Linux kapena Android, amapatsa pulogalamu iliyonse mapu akeake, ngati kuti kompyuta yonse ndi yake. Mapulogalamu awiri akhoza kugwiritsa ntchito adiresi imodzimodzi osasokonezana, chifukwa adiresiyo imakafikira malo awiri osiyana mu RAM. Memory imaduladulidwa m'masamba, nthawi zambiri a ma byte 4,096, ndipo kernel amasunga kaundula, wotchedwa page table, wonena kuti tsamba lakuti la pa mapu lili pakuti mu RAM. Purosesa imayang'ana kaundulayu nthawi iliyonse pulogalamu ikaitana adiresi. Zimenezi ndizo virtual memory. Si nzeru ya dzulo ayi: kompyuta ya Atlas ya ku Manchester inali nayo kale mu 1962.

Mapuwo ali ndi kayalidwe kake. Tengani Linux ya 32-bit. Kumunsi kwenikweni, pa adiresi 0, amasiyapo dala popanda kanthu, kuti pulogalamu ikasochera n'kuitana ziro igwe pomwepo, wolemba adziwe kuti walakwitsa. Pamwamba pake pamabwera malangizo a pulogalamuyo, kenako malo otchedwa heap amene amakula kulowera kumtunda pulogalamu ikamapempha memory ina. Kumtunda kuli stack, imene imakula kutsikira kumunsi. Awiriwa ali ngati alimi awiri oyamba kupalira kumapeto osiyana a munda umodzi. Ndipo pa 3GB pali mpanda. Gigabyte yomaliza ndi ya kernel, pulogalamu sikhudzako. Windows ya 32-bit imagawa pakati: 2GB kwa pulogalamu, 2GB kwa kernel. Choncho pa Windows yoteroyo gemu yofuna kupitirira 2GB imatha kufa, ngakhale RAM ina ili phee pambali.

Ndikafika apa m'kalasi, sipalephera wina kukweza dzanja. "Aphunzitsi, si umbombo umenewo? Theka lathunthu?" Funsoli ndi labwino, ndipo mtengo wake unalipodi. Anthu okonza zithunzi zikuluzikulu ndi osunga nkhokwe za deta anavutika ndi malire amenewa kwa zaka zambiri. Kernel nayenso anapanikizika: mu gigabyte yake ija, Linux inkatha kuona mwachindunji RAM yokwana pafupifupi 896MB yokha, yotsalayo n'kumaifikira mwa kubwereka maadiresi kwa kanthawi. Intel inayesa kuthandiza mu 1995 ndi njira yotchedwa PAE, imene inalola makina kukhala ndi RAM yofika 64GB, koma mapu a pulogalamu iliyonse anakhalabe a 4GB.

Komabe ine ndili mbali ya mpanda. Pulogalamu imapempha thandizo kwa kernel kambirimbiri pa sekondi: kutsegula fayilo, kutumiza uthenga pa intaneti, kumva batani limene mwadina. Kernel akakhala pa mapu omwewo, pempho limayenda msanga, osasintha kaundula yense. Ndipo popeza gawo lakelo ndi lokhoma, pulogalamu yolembedwa mosasamala siingalembe pamwamba pa zinthu zoyendetsa makina onse. Imagwa yokha, nyimbo yanu n'kumapitirira kulira. Kufunika kwa mpandawu kunaonekera poyera mu 2018, pamene vuto lotchedwa Meltdown linasonyeza kuti pa mapurosesa ambiri pulogalamu wamba ikhoza kusuzumira kuseri kwake. Opanga Linux ndi Windows analimbitsa mpandawo, ngakhale zinachititsa kuti ntchito zina zichedwepo.

Makina a 64-bit, amene AMD inabweretsa ku makompyuta wamba mu 2003, anamasula zonsezi. Sagwiritsa ntchito madijiti onse 64 ayi. Ambiri amagwiritsa 48, ndipo zimenezo zimapereka maadiresi a 256TB. Linux imapatsa pulogalamu 128TB kumunsi, kernel 128TB kumtunda kwenikweni, ndipo pakati pamatsala chigwa chachikulu cha maadiresi osaloledwa. Tsono taganizani: laputopu ya RAM ya 8GB ikuuza pulogalamu iliyonse kuti ili ndi malo a 128TB. Si bodza, koma si RAM. Ndi manambala a mapuloti pa pepala, pamene nyumba zomangidwa ndi zochepa. Kernel amapereka tsamba lenileni pokhapokha pulogalamu ikaligwiritsa ntchito, ndipo RAM ikadzaza amasamutsira masamba ogona ku disiki, kapena kuwapanikiza kuti achepe.

Apa ndi pamene otsatsa mafoni amalowera. Mwaonapo bokosi lolembedwa "8GB+8GB RAM", ndipo wogulitsa n'kukuuzani kuti ndi 16. RAM yeniyeni ndi 8 yoyambayo. Inayo nthawi zambiri ndi malo obwerekedwa ku gawo losungira zithunzi ndi mavidiyo anu, ndipo kukatenga tsamba kumeneko kumachedwa kambirimbiri kuyerekeza ndi kulitenga mu RAM. Kumathandiza kuti WhatsApp isatsekeke mukapita kukatsegula china, zimenezo sindikana. Koma kuika chizindikiro chophatikiza pakati pa zinthu ziwirizi kuli ngati kuphatikiza ndalama ya m'thumba ndi ngongole imene munthu wa kumudzi analonjeza kukubwezerani akakolola. Ana anga a Physics amadziwa kuti ndikapeza wina waphatikiza mamita ndi masekondi ndimachonga ndi cholembera chofiira. Makolo anu akakutumani kukasankha foni, yerekezani nambala yoyamba yokha, ndipo pa laputopu ya kaunjika tsegulani pamene palembedwa System muone ngati ikuti 32-bit kapena 64-bit musanatulutse ndalama.

Mnyamata uja tinamusungira mafayilo ake pa fulashi, n'kuikamo Windows ya 64-bit Lachisanu masana. Itayaka, inaonetsa pafupifupi 8GB yonse. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anapempha foni yanga kuti aimbire achimwene ake, pakuti yake inalibe mayunitsi.