Kumana khansa ya prostate mafuta: kodi nzeruyi ili ndi polekezera?

Moto uliwonse umafuna nkhuni. Khansa nayonso siyingakule popanda chakudya, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1920, pamene Otto Warburg wa ku Germany anaona kuti maselo a khansa amameza shuga mwadyera, asayansi akhala akufuna njira yoipha ndi njala. Koma khansa ya prostate ili ndi khalidwe lake. Ikamayamba siikonda shuga kwenikweni, n'chifukwa chake makina a PET ounika potsata shuga amailephera kawirikawiri. Nkhuni zake zazikulu ndi mafuta.

M'selo iliyonse muli timbaula totchedwa mitochondria, momwe chakudya chimapsera kuti chisanduke mphamvu. Mafuta ambiri salowa m'timbaulati okha. Pakhomo pali puloteni yotchedwa CPT1, yomwe imawalowetsa. Nzeru ya ofufuza ndi yosavuta kuimva: tsekani khomolo, motowo uzime. Mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri potseka khomoli ndi etomoxir.

Amene amakhulupirira nzeruyi sakungolota. Mu 2014, Isabel Schlaepfer ndi anzake a ku University of Colorado anaonetsa kuti etomoxir amapha maselo a khansa ya prostate m'labotale, komanso amachedwetsa kukula kwa zotupa zimene anazibzala m'mbewa. Mu 2017 gulu la komweko linapeza kuti maselo omanidwa mafuta amagonja msanga kwa enzalutamide, mankhwala otsekereza mahomoni achimuna. Apa mpamene pagona nkhani. Chiyambire 1941, pamene Charles Huggins anasonyeza kuti khansayi imafota ikamanidwa mahomoniwa, chithandizo cha amene matenda awafalikira chatsamira pamenepo. Vuto ndi lakuti pakapita nthawi khansa imazolowera, n'kuyambanso kukula. Bambo amene wafika pamenepa akusowa khomo lina lotseka, ndipo la mafuta likuoneka lenileni.

Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tayerekezani wofufuza atakhala pa benchi ndi timbale tiwiri ta maselo, osambira m'madzi ofiirira, otenthedwa pa madigiri 37 ngati m'thupi la munthu. M'kambale koyamba wadonthezamo etomoxir pang'ono, m'kachiwiri wathira wochuluka kuwirikiza ka 20. Zotere n'zimene linachita gulu la Gary Patti wa ku Washington University ku St. Louis, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. Pa maselo a khansa ya m'mawere, mlingo wochepa unatseka pafupifupi njira yonse yowotchera mafuta, koma maselo anapitiriza kuswana ngati palibe chachitika. Anayamba kufooka pa mlingo waukulu, pamene mankhwalawo anali atayamba kuwononga mbali ina ya kambaula, yosakhudzana ndi khomo lija. Chaka chomwecho ofufuza ena anapeza kuti etomoxir wochuluka amamaliza coenzyme A, chinthu chimene selo imadalira pa ntchito zambiri.

Funso lake n'lobaya: maselo akafa m'mbale, aphedwa ndi njala ya mafuta kapena ndi poizoni wamba?

Nkhawa ina ndi thupi la wodwalayo. Mtima ndi chiwindi nazo zimakhalira mafuta. Etomoxir anayesedwapo pa odwala mtima, koma kafukufukuyo, amene anasindikizidwa mu 2007, anaimitsidwa panjira magazi a odwala ena ataonetsa kuti chiwindi chikuvulala. N'chifukwa chake maso atembenukira kwa ranolazine ndi perhexiline, mankhwala amene madokotala amapereka kale kwa odwala mtima, ngakhale nawonso sagunda malo amodzi okha. Ena akufuna makomo atsopano: mu 2020 magulu awiri, la ku Adelaide ndi la ku Glasgow, analoza puloteni ina yotchedwa DECR1.

Palinso nkhani ya maselo eni akewo. LNCaP, PC-3 ndi DU145, omwe ali m'malabotale ambiri, anatengedwa m'matupi a azungu m'zaka za m'ma 1970, chonsecho amuna akuda ndiwo amadwala ndi kufa nayo kwambiri khansayi.

Tsono titaye nzeruyi? Ine ndikuti ayi. Bungwe la akatswiri la Lancet linachenjeza mu 2024 kuti odwala atsopano a khansayi pachaka padziko lonse adzakwera kuchoka pa 1.4 miliyoni mu 2020 kufika pa 2.9 miliyoni mu 2040, ndipo njira iliyonse yolonjeza iyenera kutsatidwa. Cholakwika si nzeruyo, koma kudalira mboni imodzi. Wofufuza anene mlingo wa etomoxir umene anathira, agwiritse wochepa wokwanira kutseka khomo, kenako achotse jini ya CPT1 kuti aone ngati maselo achita chimodzimodzi. Ayesenso pa zotupa zochokera kwa odwala a mitundu yosiyanasiyana. Izi zimadya nthawi, ndipo bambo amene akuvutika kutaya madzi usiku uno alibe nthawi yambiri. Komabe mankhwala omangidwa pa umboni wolakwika amamutayitsa nthawi yochuluka koposa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.