Mitengo Inayi Ndi Yokwanira Pa Nyengo Yachisanu

Mwezi wa Disembala ukafika pakati, dzuwa mu mzinda wa London limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo usana sukwana maola 8. Kumidzi ya ku Mangalande mvula imasandutsa mabusa kukhala matope, ndipo usiku chisanu chimaumitsa matopewo ngati mwala. Anthu achuma amene amaweta akavalo a mipikisano yodumpha sadandaula, pakuti ali ndi mabwalo ofolera okhala ndi magetsi. Wovutika ndi munthu wamba wa kavalo mmodzi, amene amaweruka kuntchito kutada, ndipo chuma chake chonse ndi kabwalo ka mchenga ndi mitengo inayi. Ambiri otere amaleka kuphunzitsa kavalo kudumpha mpaka mwezi wa Malichi, ati chifukwa alibe zipangizo. Kumeneku ndi kulakwitsa, pakuti zimene kavalo ndi womkwera amasowa kwenikweni zimaphunzirika pa mitengo yogoneka pansi.

Umboni wake ndi wakale. Federico Caprilli, msilikali wa ku Italy amene adamwalira mu 1907, adapeza okwera akavalo a masiku ake akutsamira chagada podumpha, uku akukoka zingwe za m'kamwa mwa kavalo. Iye adapenyetsetsa akavalo akudumpha okha popanda munthu pamsana, naona kuti nyamayo imafuna kutambasula khosi ndi kupinda msana. Choncho adafupikitsa zopondera naphunzitsa asilikali kuweramira kutsogolo. Mu 1902 ku Turin adadumpha mamita 2.08. Komatu dzina lake limamveka kwambiri lero pa timitengo totsika totchedwa cavaletti, timene kutalika kwake sikupitirira theka la mita. Reiner Klimke wa ku Germany, amene adapata mendulo zagolide 6 pa masewera a Olimpiki pakati pa 1964 ndi 1988, adalemba buku lathunthu lonena za timitengo tomweti. Anthu awiriwa sadali osowa zipangizo.

Ntchito imayamba ndi mtengo umodzi, kavalo akuyenda chabe. Akazolowera amamuikira itatu, osati iwiri, chifukwa kavalo wamng'ono akaona iwiri yoyandikana amayesa dzenje nalumpha yonse pamodzi. Poyenda, mitengo imatalikirana pafupifupi masentimita 90. Pa ndawala, pafupifupi mamita 1.3, ndipo kavalo wamfupi amamufupikitsirako. Kavalo saona bwino chimene chili pansi pa mphuno yake. Ayenera kuuona mtengo akadali patali, kuukumbukira, ndi kuika ziboda zake pamalo poyenera. Nzeru imeneyi ndi yomwe idzampulumutse tsiku limene womkwera adzamufikitse molakwika pa chotchinga chachitali.

Phunziro lopambana onse ndi la wotchi. Mitengo inayi ija amaigoneka mozungulira bwalo la mamita 20, monga pamene pamakhala 12, 3, 6 ndi 9 pa nkhope ya wotchi, ndipo kavalo amazungulira pa liwiro lofatsa akudutsa pakati pa mtengo uliwonse. Woonerera amayesa masewera a ana. Wokwera ndiye amadziwa thukuta lake. Akangoyang'ana pansi, kavalo amataya njira. Akakoka chingwe cha m'kati mopitirira, phewa la kavalo limathawira kunja ndipo mtengo wachitatu amauphonya. Akachedwa kuganiza za mtengo wotsatira, amapezeka waufika kale. Wanzeru amayamba ndi mitengo iwiri yopenyana, nawerenga mokweza kuti kavalo waponya miyendo kangati pakati pake, mpaka chiwerengerocho chifanane mbali zonse. Pambuyo pake amayesa kuwonjezera kamodzi, kenaka kuchotsa kamodzi. Pa mpikisano weniweni zotchinga zimaikidwa powerengera kuti kavalo amapita mamita 3.6 pa kuponya kumodzi, ndipo wokwera wosatha kufupikitsa kapena kutalikitsa mayendedwe a kavalo wake amangodalira mwayi. Mphunzitsi amene adaphunzitsapo masamu ndi timiyala ndi zitsekerero za mabotolo sangadabwe nazo zimenezi. Paja akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kudumpha kwenikweni nako kumatheka. Mitengo iwiri yopingasitsa ngati mtanda, nsonga zake zitatsamira pa migolo, imapanga chotchinga chotsika pakati, chimene chimamulondolera kavalo kuti adumphe mowongoka. Mtengo wachitatu ukagonekedwa mamita 2.5 chisanafike chotchingacho, kavalo wobwera pa ndawala amanyamukira pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ndipo wokwera amapeza mpata wosamala za manja ndi zidendene zake. Lamulo ndi limodzi losanyengerera: mtengo uzigwa ukagundidwa. Kuukhomera ndi misomali, kapena kuika chitsulo m'malo mwake, ndiko kutchera msampha nyama yako yomwe. Migolo yopanda kanthu imagubuduka, motero imafunika kuthiramo mchenga kapena kuitsekereza.

Otsutsa amati timitengo totsika sitiphunzitsa kulimba mtima, ndipo kavalo wozolowera theka la mita adzachita mantha akadzaona mita yathunthu, khoma lopakidwa utoto kapena madzi. Mawuwa ali ndi choonadi chake. Kavalo wa mipikisano ayenera kuona zotchinga zenizeni, ndipo mwini wake achita bwino kulipira bwalo lofolera kamodzi pa mwezi ngati thumba lilola. Koma otsutsawo amaiwala miyendo. Kavalo akamatera, kulemera kwake konse pamodzi ndi kwa munthu kumayamba kugwera pa mwendo umodzi wakutsogolo. Nthaka youma ndi chisanu imagwedeza mfundo za mafupa, pamene matope akuya amagwira chiboda nakoka mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa mwendo. Mtsempha umenewu ukang'ambika, kavalo amatha miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu, asanabwerere kuntchito, ndipo kawirikawiri umadzavulalanso. Amene amakweza chotchinga mu Januwale kuti anzake amuone amaika pa juga nyengo yonse ya mipikisano.

Pali masiku ena pamene ngakhale mitengo yapansi iyenera kusiyidwa. Mchenga ukauma gwa ndi chisanu, kuyenda kokha ndiko koyenera, ndipo mtengo wokutidwa ndi madzi oundana umaterera pansi pa chiboda. Pa tsiku labwino kavalo amafuna mphindi 15 kapena kuposerapo zoyenda ndi ndawala kuti thupi litenthe asanaone mtengo woyamba. Mphindi 20 za phunzirolo, kawiri pa sabata, zimakwana. Potsiriza amamuyendetsa mpaka mpweya utsike, ndipo ngati ubweya wake wautali wa m'chisanu wanyowa ndi thukuta, amamufunditsa chofunda chopitisa mpweya kufikira ataumiratu asanamutsekere m'khola.