Mzere Wosalala Suchokera M'galasi

Ndiloleni ndiikepo mawu anga pa nkhani imene yakhala ikutitsutsanitsa m'nyumba zogona chitsegulire sukulu. Ena mwa ife amene tikonda kujambula zithunzi tinapeza mwayi pa tchuthi wogwira tabuleti. Sindinena tabuleti ya kuchipatala yomwera madzi ayi, koma kompyuta yathyathyathya ija yonga sileti, imene abale athu ogwira ntchito ku Johannesburg amabwera nayo pa Khirisimasi. Onse amene anayesa kujambulapo abwerera ndi dandaulo limodzi, lakuti mzere sutuluka bwino. Munthu afuna kulemba nyanga ya ng'ombe ndi mzere umodzi wosalala, koma chotulukapo chikhala chonjenjemera ndi chokhotakhota ngati njira ya chiswe. Tsono ena ati mlandu ngwa tabuleti yotsika mtengo, ena ati pulogalamu ndiyo yoipa. Ine ndiganiza kuti onsewa anena zoona pang'ono chabe, ndipo mbali yaikulu ya mlandu aikwirira.

Poyamba ndivomereze zimene anenazo, pakuti si zabodza. Pepala lili ndi timanyerenyere tosaoneka timene tigwira nsonga ya pensulo ndi kuiletsa kuthawa. Galasi ndi loterera, kotero cholembera chitsetsereka monga phazi pa thanthwe lonyowa. Galasilo lili ndi kuchindikala kwake, ndipo pa matabuleti ambiri pali kampata pakati pa nsonga ya cholembera ndi malo amene mzere uonekera. Ukapendeketsa mutu pang'ono, mzere ugwera pambali pa malo amene unafuna. Palinso kuchedwa, pakuti makina ayamba awerenga pamene wakhudza asanalembe, ndipo pa tabuleti yofooka mzere utsala m'mbuyo mwa dzanja. Cholembera chimene ambiri a ife tingathe kugula chili ndi mutu wa labala waukulu ngati chala, wobisa malo amene ulikulemba, ndipo sichidziwa ngati wakanikiza kapena wapepuza. Zolembera zodula, monga S Pen ya Samsung, zisiyanitsa kukanikiza m'magawo 4,096, motero mzere unenepa ndi kuonda monga afunira mwini. Kusiyana kumeneku ndi kwenikweni, ndipo sindiseka mnzanga aliyense amene alakalaka chida chabwino.

Koma tiyeni tifunsane moona. Mnzathu wodandaulayo titampatsa lero tabuleti yoposa onse, kodi nyanga ija idzatuluka yosalala? Ine ndikayika. Tampatsani pensulo ndi pepala, ndipo muyang'anitsitse dzanja lake. Aika chikhatho pansi, naumitsa mkono wonse, nayendetsa zala zokha monga achitira polemba manotsi a History. Zala zingathe kuyenda kamtunda kakafupi basi, nchifukwa chake mzere wautali aupanga ndi timizere tambiri tolumikiza, ndipo chithunzi chimera ubweya. Ndiponso ayenda pang'onopang'ono kwambiri poopa kulakwa, osadziwa kuti dzanja la munthu aliyense, ngakhale wamphamvu, linjenjemera pang'ono nthawi zonse, ndipo mzere woyenda mochedwa utola kunjenjemera konseko. Pepala limabisako vutoli. Galasi silibisa kanthu, liulula zimene dzanja linali nazo kale.

Ife a kuno ku Mzimba sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi, popeza tinakula tikuona anthu akulima ndi ng'ombe. Mawu akuti mzere ndi omwewo, wa m'munda ndi wa pa pepala. Wogwira pulawo wodziwa ntchito sayang'ana kumapazi kwake ayi. Asankha mtengo kapena chulu kumalire a munda, naponya maso pamenepo, ndipo thupi lonse litsata maso. Wophunzira kumene ndiye amawerama kuyang'ana khasu la pulawo, nakonza apa, nakonzanso apo, ndipo akacheuka apeza mzere wake wapindika ngati uta. Wojambula naye ayenera kuika kadontho pamene mzere ukathere, nayesa njirayo m'mwamba kawiri kapena katatu cholembera chisanakhudze, kenaka nakoka kamodzi mwachangu ndithu, mphamvu ikuchokera kuchigongono ndi kuphewa, maso ali pa kadontho kaja. Ndipo monga mlimi atembenuza ng'ombe pofika kumapeto, wojambula atembenuze pepala kapena chithunzi cha pa tabuleti kuti mzere uliwonse uyende kumene mkono wake umasukira.

Tsono ndifike pa chimene chindidetsa nkhawa koposa. Opanga mapulogalamu anaona vutoli natipatsa mankhwala. Mu ibisPaint ndi mu Krita muli chida chotchedwa Stabilizer, ndipo mu Procreate muli china chotchedwa StreamLine. Ntchito yake ndi kusalaza: makina aona malo ambiri amene cholembera chadutsa, nasankha njira ya pakati, motero mzere utsata dzanja cham'mbuyo ngati mbuzi yokokedwa ndi chingwe. Nchida chabwino, ndipo ndi nzeru kuchitsegula pang'ono kuti chilipire kuterera kwa galasi. Koma anzanga ena achikweza mpaka kumapeto, ndipo zotsatira zake nzoti ngodya zonse zifa. Nsonga ya mkondo ikhala yobulungira, chishango cha wovina ingoma chioneka ngati dzira, ndipo zithunzi za anthu asanu zifanana ngati zajambulidwa ndi munthu mmodzi wosakhala pakati pawo.

Choposa pamenepo ndi kufufuta. Pa tabuleti ugogoda ndi zala ziwiri, mzere wolakwika uzimirira popanda chipsera. Ena amafufuta mzere umodzi makumi awiri, kudikira kuti mwina mwamwayi wina utuluke bwino. Uku si kuphunzira, ndi kuchita maere. Enanso akulitsa chithunzi mpaka diso limodzi lidzaza galasi lonse, nataya madzulo athunthu kukonza kanthu kamene munthu sadzakaona, pamene mutu wa chithunzicho wakula kuposa chifuwa. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo dzanja lozolowera kubwerera m'mbuyo silidzaphunzira kutuluka molimba mtima.

Taganizani za anthu amene alibe kogogoda kotere. Mayi woumba mbiya alemba mizere kuzungulira khosi la mbiya dongo likali lofewa, ndipo aizungulira kamodzi, mzere nukumana ndi pamene unayambira. Olemba zikwangwani pa zipupa za masitolo pa Jenda ndi pa boma pa Mzimba akoka zilembo zazitali ndi bulashi ataimirira pa makwerero. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo ozijambulawo analibe china koma utoto wofiira, dothi loyera ndi thanthwe. Brian Hara, amene anaseketsa makolo athu ndi zithunzi za Pewani mu Malawi News, anatchuka matabuleti asanafike m'dziko muno. Ngakhale agogo athu amene anaphunzira m'sukulu za mishoni ya Loudon ku Embangweni, imene Donald Fraser anaitsegula mu 1902, ambiri anayamba kulemba ndi chala pa dothi asanagwire sileti, ndipo zolemba za ena mwa iwo zitichititsa manyazi ife a mabolopeni.

Wina adzati nkhaniyi nja anthu ochepa okonda zithunzi. Ayi ndithu. Pa mayeso a MSCE a Biology tiuzidwa kujambula duwa, tsamba kapena fupa ndi pensulo yosongoka, mzere umodzi wosaduka, wopanda ubweya ndi wopanda mthunzi. Pamenepo palibe Stabilizer, ndipo malikisi atayika chifukwa cha dzanja lamantha ngakhale mutu udziwa yankho. Kuonjezera apo, kuyambira mu 2023 boma linayamba kugawa matabuleti m'sukulu za pulayimale kudzera m'ndondomeko ya BEFIT, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu. Nchinthu chokondweretsa. Koma azing'ono athuwo adzafika kuno zala zawo zitazolowera galasi kuposa ife, ndipo adzafuna akulu owasonyeza ntchito ya mkono.

Chifukwa chake ndipempha aphunzitsi athu mwaulemu chinthu chosalira ndalama. Chida chabwino koposa chophunzitsira mzere tili nacho kale m'kalasi iliyonse, ndicho bolodi. Pa bolodi sungathe kujambula ndi zala zokha ngakhale utafuna. Uyenera kuimirira, ndipo phewa ligwira ntchito lokha. Tonse taona mphunzitsi wa Geography akukoka gombe la Nyanja ya Malawi kuchokera ku Karonga mpaka ku Mangochi choko osachidula. Atilole kalasi imodzi Loweruka masana kwa ola limodzi, ndi tizidutswa ta choko totsala mkati mwa sabata, ndi nyuzipepala zakale zoyeserapo makala. Tiziyamba ndi mizere yoongoka yolumikiza madontho awiri, kenaka zozungulira, kenaka nyanga, mbiya ndi phiri la Hora. Amene adzagwirenso tabuleti pa tchuthi chikudzachi adzabwere ndi zithunzi zawo zakale ndi zatsopano, tidzazilinganize pamodzi. Bolodi tidzalipukuta tokha lisanafike Lolemba.

Wophunzira wa mu Fomu 3