Musanasiye wailesi n'kugula ampulifaya ndi masipika

Nandolo akagulitsidwa, makomo ambiri kwa Chiwalo amayamba kumveka mosiyana. Amene chaka chatha ankamvera kawailesi kapena sabufa ya m'katoni imodzi, chaka chino akufuna ampulifaya payokha, masipika paokha, batire ndi sola. Ganizoli si loipa. Zipangizo zikakhala zapazokha, chimodzi chikafa mumakonzetsa chomwecho, osataya zonse, ndipo kwaya imamveka bwino, besi pake, tena pake. Koma safunsa anadya phula. Pali zinthu zinayi zoti banja lizidziwe lisananyamuke ulendo wa ku Migowi kapena ku Limbe.

Choyamba ndi manambala a pa katoni. Mukaona palembedwa ma watts masauzande motsogozana ndi zilembo zoti PMPO, dziwani kuti ndi nyambo ya malonda. Mphamvu yeniyeni imalembedwa kuti RMS, ndipo pabalaza ma watts 20 kapena 30 a RMS pa sipika iliyonse ndi okwanira. Kuwirikiza kawiri ma watts kumangowonjezera ma decibel 3. Kuti khutu limve ngati mawu awirikiza kawiri, mphamvu iyenera kuwirikizidwa pafupifupi ka 10. Choncho ndalama yambiri ipite ku masipika abwino. Wogulitsa akuyesereni motsitsa, ndi ulaliki kapena nyimbo imene mumaidziwa. Ngati mawu sakumveka bwino chapansipansi, kukweza sikungawakonze.

Chachiwiri ndi kalumikizidwe. Kuseri kwa sipika kumalembedwa 4 ohms kapena 8 ohms. Masipika awiri a 8 ohms mukawamanga pa malo amodzi, waya wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, ampulifaya imawaona ngati 4 ohms. Akakhala anayi, zimatsika kufika pa 2 ohms. Ampulifaya yopangidwira 4 mpaka 8 ohms imayamba kutentha, kenako n'kupsa. Mawu akayamba kusasa, tsitsani msanga, chifukwa kusasako kumapha timasipika ta mawu ang'onoang'ono.

Chachitatu ndi magetsi. Kumene ESCOM sinafike, zonsezi zimadalira batire. Batire la 12V la 100Ah limasunga ma watt-hours 1,200, koma la asidi limafuna kuti muzigwiritsa theka lokha kuti likhalitse, ndiye kuti 600. Ampulifaya ndi TV zikamadya ma watts 100 pamodzi, maola 6 sakwana, popeza inveta nayo imadyako. Kumbukirani kuti batire lomwelo ndi limene limawunikira ana powerenga ndi kutchajira foni. Ampulifaya yolumikiza mwachindunji ku 12V imapulumutsa magetsi, koma ikani fyuzi pafupi ndi batire.

Batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya umene umayaka ukakumana ndi moto. Liikeni podutsa mphepo, kutali ndi kandulo ndi mbaula, osati kuchipinda chogona. Likafa musaliswe, ndipo lisakhale pabwalo pamene ana amasewera. M'kati mwake muli mtovu, umene umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete.

Chachinayi, ndipo chachikulu, ndi makutu. M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati ubweya timene timatithandiza kumva. Phokoso likatipha sitimeranso, ndipo palibe mankhwala otidzutsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chogontha chifukwa cha kamvetseredwe kosasamala. Limanenanso kuti munthu wamkulu angamvere ma decibel 80 kwa maola 40 pa mlungu, koma pa ma decibel 90 nthawiyo imatsika kufika pa maola 4, ndipo pa 100 ndi mphindi 20 zokha.

Simufunika makina oyezera. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene ali pa mtunda wa mkono wanu akumveni, phokoso lapyola muyezo. Ngati mutazimitsa m'makutu mukulira, khutu lachenjeza kale. Khanda lisagonekedwe pafupi ndi sipika, ndipo ana asamakhale ataitsamira. Mwana akamafunsa "mwati chiyani?" kawirikawiri, kapena akasiya kutembenuka mukamuitana, yambirani ku chipatala chapafupi. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli madokotala oyeza makutu.

Mtumwi Paulo, pa 1 Akorinto 6:19, amatikumbutsa kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera, ndipo makutu ndi gawo la kachisiyo. Pa Luka 14:28 Ambuye Yesu amalangiza womanga kuti ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo. Bambo ndi mayi akhale pansi pamodzi: chakhumi, fizi ya ana, mbewu ndi feteleza zikhale zitachotsedwa kale. Ubwino wa zipangizo zapazokha ndi wakuti mungagule chimodzichimodzi, chaka chino masipika, chaka chamawa zina, popanda ngongole.

Ganiziraninso anansi. Nyimbo ya Mulungu imene ikulepheretsa wodwala wa nyumba inayo kugona yasiya kukhala umboni. Ndipo dzuwa likamalowa Lachisanu, yesani kuzimitsa zonse, mutenge Khristu mu Nyimbo, banja litsegule Sabata ndi mawu akeake. Agogo ayambitse, ana alandire. Makina athandize kumvera Mawu pa wailesi ya Adventist masiku ena, koma asalande malo a nyimbo imene mwana amaphunzira pakamwa pa amayi ake.