Bodza la "Ndi Mmene Ndidabadwira"

M'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, monganso m'makalasi a sukulu zathu, muli mawu amene alemaza anthu ambiri kuposa chilala. Mawuwo ndi akuti, "Ndi mmene ndidabadwira." Wophunzira akalephera masamu amati mutu wake sudalengedwere nambala. Mlimi akakolola madengu atatu m'munda umene unkadzaza nkhokwe ya agogo ake amati ndi tsoka lakumtundu. Ine ndikuti mawuwa ndi bodza, ndipo kuopsa kwake nkwakuti wowanena amaoneka ngati wodzichepetsa pamene akungothawa ntchito.

Taganizani za William Kamkwamba, amene adabadwira ku Dowa m'chaka cha 1987 ndi kukulira m'mudzi wa Masitala ku Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, makolo ake adalephera kumulipirira fizi ndipo adalekeza sukulu yasekondale. Akadati ndi mmene zidalembedwera, palibe akadamudzudzula. Koma iye adayamba kubwereka mabuku m'kalaibulale ka ku Wimbe. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankadalira zithunzi, makamaka za m'buku lotchedwa Using Energy. Adatola zitsulo kudzala, zida za njinga ndi mapaipi, nazimangirira pansanja ya mabulugama, kufikira mphepo idayatsa babu pakhomo pa makolo ake. Amene ankamunena kuti wachita misala adasanduka oonerera. M'chaka cha 2014 adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America.

Ena adzati, "Ameneyo ngwanzeru zobadwa nazo." Mawuwa ndi bodza lomwe lija, langotembenuza malaya. Timakonda kutama mphatso ya mnzathu kuti tisafunsidwe za khama lathu. Mnyamatayo sadabadwe akudziwa magetsi. Adawerenga, adafunsa, adayesa, zidakanika, ndipo adayesanso. Akuluakulu adati kanthu n'khama, phwiti adakwata njiwa.

Enanso adzati, "Maganizo sadzaza mphika." Apa akunenako zoona. Kaganizidwe sikatsitsa mtengo wa feteleza ndipo sikakonza msewu. Ngakhale masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 2021, amatchula kusintha kaganizidwe, atsogoleri asabisale kuseri kwa mawuwo kuti aleke udindo wawo. Komabe pali ntchito zimene boma silingamugwirire munthu, ndipo mapiri athu akuchitira umboni.

Pitani mukaone minda ya m'matsitso a Dowa ndi Ntchisi mvula yoyamba ikagwa. Kumene mizere idatsata kutsetsereka kwa phiri, madzi amakokolola chajonde ndi kusiya zigwembe. Kumene mapesi adatenthedwa posaka mbewa, nthaka imatsala yamaliseche. Alangizi akhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri kuti mizere izipingasa mtsetse motsata akalozera, kuti udzu wa vetiva umagwira dothi, ndiponso kuti mtengo wa msangu umayoyola masamba nthawi yadzinja ndi kudyetsa chimanga chimene chili pansi pake. Zambiri mwa izi sizilira ndalama. Zimalira munthu wovomera kuti njira imene adaipeza ingathe kukonzedwa. Amene amati, "Makolo athu sankatero," amaiwala kuti makolowo anali ndi malo ogoneka munda kuti upume, pamene ife tikugawana kachigawo komweko chaka ndi chaka.

Chovuta china nchakuti timafuna kusintha kwa tsiku limodzi. Mlimi amathira manyowa chaka chimodzi, ndipo akapanda kuona zodabwitsa amabwerera kuzakale. Wophunzira amakesa usiku wonse mayeso atayandikira, nkudzatseka buku mpaka teremu ina. Msangu sukula m'dzinja limodzi, ndipo chizolowezi sichimera mizu m'sabata imodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Masamu asanu tsiku ndi tsiku amaposa makumi asanu a usiku umodzi.

Tsono inu amene mukuyembekeza mayeso a MSCE, yambani ndi phunziro limene mumaliopa. Pamene mumati, "Sindingathe," muziti, "Sindinafikepo." Mukalakwa, funsani pamene mwaphonya, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo mukapita kumudzi patchuthi, tengani khasu mukathandize kupingasa mzere ngakhale umodzi mvula isanabwere.